Ekizozi ya Marvin

Lolemba, 10 Febuluwale

Makina otchetchera udzu afa lero, pakati pa ntchito penipeni, kwa mayi uja wa ku Soche East amene amadziwa udzu wake uliwonse ndi dzina. Anangotsokomola, kenako zii. Ndakoka chingwe mpaka phewa kuchita dzanzi, ndapukuta pulagi, ndawanyengerera, ndawatukwana. Palibe chachitika. Bwalo ndalisiya lometedwa mbali imodzi.

Ndawakweza minibasi mpaka ku Limbe. Kondakitala amafuna kuti makinawo alipire ngati munthu poti ndi aatali, ndamuuza kuti akalipira akhalanso pa mpando wakutsogolo ndi dalaivala. Tagwirizana kuti agone pansi, mutu pa mapazi anga, mchira pa mapazi a anthu ena.

Sitolo yake ndi ija Marvin anawagulako, ya majenereta ndi mapampu, kumunsi kwa msika. Pakhomo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti kasitomala ndi bwana wathu. Bwanane ndaima pa kauntala mpaka miyendo kuwawa, kudikira kuti a Emily, dona wa pa kauntalapo, amalize kuseka ndi foni yawo. Zikhadabo zawo n'zazitali moti sangatole nazo ngakhale bawuti, koma ndiwo amagulitsa mabawuti. Atandiona anaitana a Joseph, makaniko wa pamenepo, bambo wamfupi wa ovololo yopanda mabatani. A Joseph anunkhiza makinawo, awagwedeza, aika khutu, ndiye akuti kabuleta yatha. Yatsopano palibe koma ili m'njira, kontena yanyamuka kale ku Beira, ndibwere Lachitatu.

Ndawauza kuti akonze kabuleta yokhayo, china chilichonse asakhudze. A Joseph anaika dzanja pachifuwa.

Makasitomala anga adikira, udzu suthawa. Chimene chikundidya ine ndi mawa m'mawa.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Amayi adya theka la phala, ndipo thekalo ndachita kunama kuti lilowe.

Ndilembe muno poti palibe wina amene ndingamuuze osandiweruza. Marvin, mlongo wanga wamng'ono, anamwalira mu Ogasiti. Amayi analipo pamaliro, analira, anaimba nawo, anaponya dothi. Sabata isanathe anandifunsa kuti bwanji mwanayu akuchedwa kubwera kuntchito. Mutu wawo unayamba kutaya zinthu kalekale, koma sindinkaganiza kuti ungataye ndi maliro omwe. Ndinawauza zoona, analira ngati uthenga wangofika kumene. Mawa lake anafunsanso, ndinawauzanso, analiranso chimodzimodzi. Ndinaona kuti ndiziwaikira mwana wawo m'manda tsiku lililonse, ndiye ndinaleka.

Tsiku lina ndinaliza makina ake kuseri kwa nyumba, kungofuna kuona ngati ndingapitirize ntchito zake, poti yanga ya ku ofesi inali itatha. Polowa m'nyumba ndinapeza amayi akumwetulira. Akuti Marvin walawira lero. Anadya phala lonse, anamwa mankhwala a shuga osakangana nane. Kuyambira pomwepo m'mawa uliwonse ndimayamba ndaliza makinawo kuseri ndisanapite kokatchetcha. Marvin amalawira, amabwera iwo atagona, ndi mwana wolimbikira kwabasi. Chakudya chimene amamusungira madzulo ndimadya ndine, n'chifukwa chake masiketi ayamba kundikana.

Ndipo si kulira wamba. Makina amenewa anagwapo pa njinga ya kabaza, ekizozi inang'ambika, Marvin anakaiwotcheretsa kwa mnzake wa mumsika amene anaphatikapo chigamba cha chitsulo china chosadziwika. Chiyambire pamenepo amalira ngati akukangana ndi munthu, phokoso lokhalokha, kenako kamluzu pamapeto. Soche yense amawadziwa. Nkhuku za a Esha, oyandikana nafe amene amandiyang'anirira amayi ndikachoka, zimathawa ndikangogwira chingwe.

Lero ndawauza amayi kuti Marvin wapita ndi makina ku Bvumbwe, kuli ntchito yaikulu. Akuti osatsanzika? Ndati anakupezani muli mtulo.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Kontena yafika pa Mwanza, ikudikira mapepala. Atero a Emily osadzutsa mutu. Ndibwere Lolemba, koma Lachisanu nditha kudzayesa mwayi.

M'sitolomo muli benchi ya odikira, ndipo ndazindikira kuti ndi mpingo wokhazikika. Amadziwana mayina, amasungirana malo, wina akajomba amamufunsa. Mkulu wa mpingo ndi a Raphael, mphunzitsi wopuma ntchito, amene jenereta yawo inalowa mmenemo Khirisimasi isanafike. Akuti kontena imeneyi iwo anaimva ili ku Beira, inafika pa Mwanza, kenako inabwereranso ku Beira, mwina inaiwala chikwama. Sitoloyi anaipatsa dzina loti kwa Zikubwera. Mwini wake palibe wa pa benchipo amene anamuonapo ndi maso, nthawi zonse amakhala atangotuluka kumene.

Ngakhale makina oonetsera aja a pa windo, ukawayang'anitsitsa, alibe chingwe cholizira. Ndinafunsa chifukwa chake, a Raphael anangoti ndidakali mwana mu mpingowu.

Ndinazungulira masitolo ena a ku Limbe, mpaka ndinakwera ya m'tauni. Kulikonse nyimbo ndi imodzi, ndalama zakunja kulibe, katundu sakubwera. Bambo wina wa mumsika anandionetsa kabuleta ya njinga yamoto, akuti ndi imodzimodzi bola chikhulupiriro.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Ndatchetcha ndi chikwakwa kwa mayi wa ku Soche East. Manja matuza okhaokha, iye ali pakhonde kuloza pamene ndasiya.

Mu foni ndapezamo kavidiyo kakale, Marvin akutchetcha kutchalitchi, akundinena kuti ndimajambula ngati woledzera. Ndinabwereka sipika ya a Esha n'kukaliza kuseri kwa zenera. Amayi akuti zimitsa wailesiyo ikundipweteketsa mutu. Ine ndi amene ndinatsala ndikukaonera kavidiyoko mobwerezabwereza, nditakhala pa chidebe.

Amayi amwa tiyi yekha. Bvumbwe yayamba kutha mphamvu.

Lachisanu, 14 Febuluwale

A Emily avala zofiira kuyambira kumutu mpaka zikhadabo, pa kauntala pali duwa la pulasitiki. Kontena sinatchulidwe n'komwe, lero ndi la chikondi.

Pomwe amayankha foni ya amene anatumiza duwalo, ndinazemba n'kulowa kuseri kokonzerako. Ambuye. Majenereta, mapampu, macheka odulira mitengo, zonse zili mizeremizere, zotsegula pamimba. Makina a Marvin ndinawapeza pakona. Kabuleta palibe, zimenezo ndimadziwa. Koma ekizozi palibenso, pangotsala mabawuti ake ndi bowo lakuda.

A Joseph akuti anaichotsa kuti aitsuke. Ndati ndionetseni. Akuti ikuuma. Ndati chitsulo chimauma kuti, pa chingwe cha zovala? Anaikanso dzanja pachifuwa, akuti pobwera kudzatenga makina ndidzapeza chilichonse chili m'malo mwake.

Pa benchi a Raphael anandiseka mpaka kutsokomola. Akuti tsopano ndabatizidwa. Kuno kuli chipereganyu cha masipeya. Makina amene akudikira chinthu chimodzi amabwereketsa zina zonse kwa anzawo, ndipo tsiku lawo likafika nawonso amalandira kuchokera kwa amene wangofika kumene. Kontena yeniyeni ndi kasitomala wotsatira. Jenereta yawo akuti pano ikuwalitsa nyumba zingapo ku Chinyonga, chidutswachidutswa, iwo eni akudya mumdima.

Ndinaseka nawo, koma m'minibasi maganizo anali pa ekizozi basi. Ekizozi imene ija ndi yonyansa, palibe angaifune. Ndadzilimbitsa mtima ndi zimenezo.

Loweruka, 15 Febuluwale

Amayi anasowa.

Ndinapita kukagula makala, a Esha anali kukazinga samusa zawo, geti linali longokoloweka. Pobwera ndinapeza mpando uli wokha. Ndathamanga Soche yense, phazi limodzi lopanda patapata, kufunsa aliyense mpaka ogulitsa tomato. Tinawapeza pa siteji ya Kamba, atavala chitenje cha Mvano ndi nsapato zosiyana, akufunsa makondakitala kuti ya ku Bvumbwe ndi iti. M'manja atanyamula mbatata yootcha yokulunga m'pepala, ya Marvin. Iwo eni chidyereni dzulo masana.

Ndinawakalipira pamaso pa anthu. Manyazi anabwera pambuyo pake, pa nthawiyo ndinali ndi mantha okhaokha. A Esha ndi amene anawagwira dzanja n'kuwauza kuti Marvin waimba foni, akubwera Lachiwiri. Amayi anavomera kubwerera, koma mbatata anakana kuisiya.

Tsopano abodza tilipo awiri, ndipo bodzalo lili ndi tsiku.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Kutchalitchi abusa anati aliyense apemphe chamumtima chimene chikumulemera. Ndapempha kuti makina a munthu wina, a mtundu ngati wathu, afe sabata ino, koma kabuleta itsale yamoyo. Ndinawonjezera kuti akhale munthu wolemera, kuti tchimo lichepe.

Masana waimba Tionge, mng'ono wanga wa ku Lilongwe. Akuti ndingowauza amayi zoona, kunama si Chikhristu. Ndati bwera udzawauze wekha, udzakhalenso pomwepo akamalira, ndipo mawa lake udzawauzenso. Netiweki yake inavuta nthawi yomweyo.

Lolemba, 17 Febuluwale

Pemphero layankhidwa, mofulumira moti ndachita mantha.

Ndili pa benchi, panja panaima galimoto yoyera yaitali. Bambo wa ku Namiwawa, mimba patsogolo, makiyi m'manja, anatsitsa makina ofanana ndendende ndi athu, penti yake yosasuluka n'komwe. Akuti wantchito wawo anathira petulo wosasakaniza ndi oilo, injini yapsa. Benchi yonse maso pa makinawo, mmene timayang'anira mbuzi ikamafika pa chinkhoswe. A Raphael anandigunda ndi chigongono.

Kwa bamboyo a Emily anaimirira, anamwetulira, mpaka anatulutsa mpando wa khushoni umene sindinkadziwa kuti ulipo. Anawauza kuti zofunika zonse zili mu kontena, yangonyamuka kumene ku Beira. Bamboyo anathokoza kwambiri. Ndinafuna kuwachenjeza, ndithu ndinafuna, koma ndinapezeka ndikuyang'ana kudenga.

Galimoto isanakhote n'komwe, a Joseph anasuzumira pa chitseko cha kuseri n'kundiuza kuti ndibwere mawa.

Amayi adya nthochi imodzi. Akuti akusunga njala, adzadyera limodzi ndi Marvin mawa.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Ndawatenga makina. Ndipo ndalira m'minibasi ngati wopusa.

A Joseph anawatulutsa atawapukuta mpaka kunyezimira. Anakoka chingwe panja pa sitolo, makina anagwira nthawi yomweyo. Koma kulira kwake kosalala, kwaulemu, kwa makina opita kusukulu. Ndinayang'ana m'mbali. Ekizozi ina, yakuda bwino, yopanda chipsera, ndipo ndikudziwa kuti dzulo inali ya ku Namiwawa.

A Emily anachita kutuluka pa kauntala kudzalandira kuthokoza. Akuti poti ndadikira nthawi yaitali, andiikira ekizozi yabwino ulere, chigamba chija chimachititsa manyazi sitolo yawo.

Ndinati ndikufuna yanga yakale.

Anayang'anana ndi a Joseph. Kenako a Emily anati, "Mayi, mukudandaula kuti makina anu sakusokosa?"

Ndinati eya. Benchi yonse inaseka, ndi a Raphael omwe. A Joseph akuti yakaleyo anataya. Ndati munataya kuti, ndikatole. Akuti galimoto ya zinyalala inatenga kale. Chikhalireni sitolo imeneyi sinachitirepo munthu chabwino, tsiku limene yayesa yasankha ine.

Sindinathe kuwafotokozera. Ungayambe bwanji pagulu kunena kuti ndimanamiza amayi anga ndi ekizozi? Ndinangonyamula makina anga aulemuwo n'kumapita.

Lachitatu, 19 Febuluwale

M'mawa ndawaliza kuseri, pansi pa zenera la amayi penipeni. Polowa ndapeza phala lili pomwe ndinalisiya. Akuti kodi a Esha agula makina osokera?

Ndati ndi Marvin, wabwera, makinawo anakonzetsa ku Bvumbwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kukhoma.

Ndiye ndinachita zanzeru zanga. Ndinatenga msomali ndi hamala n'kuboola ekizozi yatsopano ija, kenako ndinaboolanso pena poti bowo loyamba silinamveke. Tsopano ikulira ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Nkhuku za a Esha sizinasunthe n'komwe, zinapitiriza kujompha pafupi ndi mapazi anga. Ndawononga chinthu chokhacho chaulere chimene Limbe inandipatsapo.

Masana amayi anandiitana, mawu apansipansi.

"Ndaziona, kodi Marvin ndinamulakwira chiyani?"

Ndinati palibe. Akuti nanga bwanji sakubwera, Lachiwiri ladutsa. Zina zonse amaiwala, mayina a adzukulu awo omwe, koma Lachiwiri la a Esha alisunga bwinobwino. Ndinapita kubafa kukalira kuti asandione.

Lachinayi, 20 Febuluwale

Ndinapita nawo kuchipatala chaching'ono. Anamwino akuti shuga watsika kwambiri poti akumwa mankhwala osadya, ndipo akapanda kuyamba kudya pofika Lolemba akagonekedwa ku chipatala chachikulu, pa diripi. Amayi mu wodi, pakati pa anthu osawadziwa, akudzuka kufunafuna geti. Ndikudziwa kuti akalowa kumeneko sadzatulukako ali amayi omwewa, ndipo ndikuopa.

Kuchoka apo ndinawasiya kwa a Esha, ine ulendo wa kwa Zikubwera. Pa benchi sindinakhale. Ndinaima pa kauntala n'kunena zonse, za Marvin, za phala, za mbatata ya pa Kamba, mokweza ngati mlaliki wa m'basi. Manyazi ndinawasiya pa depoti.

A Emily anaika foni pansi, chafufumimba. Chiwadziwireni, ndinali ndisanaionepo foni imeneyo itagona. A Joseph anavula chipewa n'kuvomera kuti galimoto ya zinyalala kunalibe. Ekizozi anaiika pa makina a bambo wina amene anadikira kuyambira Januwale, wamtali, wa ndevu zoyera, wovala mzuli kumutu. Dzina sakulidziwa, amangowaitana kuti a Shehe ngakhale si a shehe. Kumene amakhala sakudziwanso. A Raphael akuti akuwakumbukira, ankakhala kumapeto kwa benchi osalankhula ndi munthu, koma anamaliza maphunziro a pa benchi sabata yatha, anatenga makina awo.

A Emily akuti afufuza, andiimbira. Ndinawauza kuti foni yawoyo isachite kudzera ku Beira. Sanabweze, anangoti pepani mayi. Zinandisokoneza, ine ndinali nditakonzekera ndewu.

Lachisanu, 21 Febuluwale

Ndinalawira ku Limbe kukayendayenda pafupi ndi mizikiti, kufuna bambo wamtali wa ndevu zoyera ndi mzuli. Lachisanu, ku Limbe. Ndinapeza okwana kudzaza basi. Ndinkawafunsa mmodzimmodzi ngati ali ndi makina otchetchera udzu, wina mpaka anaganiza kuti ndikufuna banja, anandiuza kuti kunyumba kwake kwadzaza.

Nditatopa ndinakwera minibasi yobwerera. Tikudutsa Chinyonga, wailesi ili pamwamba, mayi wina akukangana ndi kondakitala, ndinamva. Chapatali, kumunsi kwa msewu. Phokoso lokangana lija, kenako kamluzu.

Kwa kanthawi ndinaiwala ine ndemwe, mumtima ndinati Marvin uyo. Ine amene ndinasankha bokosi lake. Nanga amayi ndiziwanena chiyani?

Ndinamenya denga la minibasi mpaka dalaivala anaima pakati pa msewu akunditukwana. Ndinatsata phokosolo m'tinjira, kulumpha ngalande, kudutsa pa zovala za anthu zoyanika, mpaka pa kabwalo ka kuseri kwa mzikiti wina waung'ono. Bambo wamtali, ndevu zoyera, thonje m'makutu, akutchetcha. M'mbali mwa makina awo chigamba cha Marvin chili pomwepo, ndi mzere wake wokhotakhota wa wowotcherera uja.

Dzina lawo ndi a Hamdani. Anazimitsa makina, anachotsa thonje, anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu. Kenako anandiuza kuti kwa Zikubwera anawatsimikizira kuti ekizoziyo ndi yatsopano, yochokera ku Joni, ndipo kulira koteroko ndiye fasho ya kumeneko. Chiikireni, akazi awo anawaletsa kuliza makina pakhomo, ndipo akuluakulu a pamzikiti anawapempha kuti azimaliza msanga poti ngakhale woitanira mapemphero sakumveka.

Ndinawauza zoona kuti yosinthana nayo ndinaiboola ndi msomali. Anandiyang'ana mmene amayi amandiyang'anira ndikapsereza ndiwo. Kenako anafunsa kuti amayiwo anadya liti komaliza. Nditayankha sanafunsenso china, anangotulutsa sipanala m'thumba la ovololo.

Tinakhala pa khoma kudikira kuti chitsulo chizizire. Pangano lathu ndi lakuti mawa ndiwapititsira yobowokayo kuti ntchito yawo isaime, ndipo Lolemba tipitira limodzi kwa Zikubwera kukawafunira yabwino. Akuti iwo anaola pa benchi paja poti alibe pakamwa, ine pakamwa ndili napo, ndikawalankhulire. Ndavomera ndi mtima wonse, ndipo a Raphael ndikawalankhuliranso bonasi.

Ekizozi ndinaikulunga mu chitenje, ndinaifukata mpaka kunyumba. Chitenje chada ndi mwaye, zilibe kanthu.

Chakumadzulo foni inalira. A Emily. Akuti afunsa m'masitolo onse oyandikana nawo, bamboyo ndi a Hamdani a ku Chinyonga, ndipo atha kundiperekeza mawa akaweruka. Ndinawauza kuti ekizozi ili patebulo panga. Anaseka, nanenso ndinaseka. Ndiye kuti foni ija imathanso kugwira ntchito.

Amayi amwa madzi a mpunga pang'ono. Masaya alowa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Ekizozi ndamanga ndekha, chala chimodzi ndachisenda ndi sipanala. Phala ndinawaikira amayi pa kampando ka pafupi ndi bedi, sanaliyang'ane n'komwe.

Kuseri, ndakoka chingwe, zii. Ndakokanso, zii. Nkhuku za a Esha zinali zitathawa kale, zinadziwa zisanamve. Ndinakoka mpaka thukuta, ndinawauza makinawo mawu amene sindingalembe muno, okhudza a Joseph, kontena ndi Beira yense. Kenako anagwira. Phokoso lija, lonyansa, lokangana, ndi kamluzu kake pamapeto. A Esha anasuzumira pa mpanda, chipande m'manja.

Makinawo ndinawasiya akulira pansi n'kulowa m'nyumba monyang'ama. Amayi atakhala tsonga, mbale pamiyendo, supuni ikupita kukamwa. Ndinaima pakhomo, manja akununkha petulo, ndikukonza kale bodza la lero, loti Marvin wafika iwo ali mtulo ndipo akuthamangira ntchito ina ku Chigumula.

Sanandipatse mpata. Osadzutsa mutu anati, "Marvin ankakoka kamodzi basi. Iwe umachita kulimbana nawo, kenako umatukwana. Ndimakumva."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi. Ndinafunsa kuti ndiye amayi mumadziwa? Anapala mbale ndi supuni, anameza, anatchera khutu ku zenera. Sindikudziwa ngati mawa adzakumbukire zimene anena, kapena adzandifunsanso ngati mwanayu wadya.

"Usawazimitse msanga," anatero. "Sindinamalize."

Petulo ali m'makinamo ndinachita kumuimira pamzere, ndipo ndi wa ntchito ya masiku awiri athunthu. Ndinatuluka, ndinawakweza moto mpaka kamluzu kanamveka Soche yense, kenako ndinalowa kukawapakulira phala lina.